Mfuti ya Kuchipinda kwa a Namacha

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene a Namacha ankawolokera mseu akandiona pa Lirangwe, ine n'kumangoti nkhani za akulu zisiyeni. Tsopano poti ndapuma pantchito, mawondo andikaniza ndi kumunda komwe, ndilemba. Theka la nkhaniyi ndi la Fanuwelo, mwana wawo, ndipo ndamupempha, wavomera. Za ubwana wanga sindilemba, kunalibe china koma njala ndi matekenya.

Chileka, zaka za m'ma 1990

Ntchito yanga yoyamba yolandira pamwezi inali ya ulonda pa kampani ina yogula mbewu ndi kugulitsa feteleza, imene inali ndi nyumba zosungiramo katundu kufupi ndi bwalo la ndege. Anandilowetsa ntchito ndi a Namacha, kapitawo wa alonda, amenenso anali mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Anali munthu wamtali, wa mawu apansi, wosaseka pachabe. Anandiona ndikusenza njerwa pa chitukuko cha tchalitchi, n'kundifunsa ngati ndimamwa. Nditakana anati ndibwere Lolemba. Basi, mayeso onse anali omwewo. Kuyambira pamenepo ine ndinkawatchula achimwene, iwo ankangonditchula ndi dzina la bambo anga, Likoswe.

Musaganize kuti ntchito yake inali ya ulemu monga mmene ndinkaonekera ndikamafika kunyumba nditapinda yunifolomu. Jombo zinkabwera za saizi imodzi, mwendo wako ukule usakule. Tochi inalipo koma mabatire ankabwera ngati mvula ya chizimalupsa. Jekete la mvula linali limodzi, woyamba kufika ndiye mwini. Mabwana ankasintha ngati malaya. Wina ankakonda kutifoletsa padzuwa n'kumatiuza za kunja kumene anakaphunzira, wina sankatidziwa n'komwe mayina, aliyense anali "gadi". Amene sankasintha ndi a Namacha. Malipiro akachedwa ankalowa okha mu ofesi kukatilankhulira, chipewa chili m'manja, koma osatuluka mpaka atayankhidwa. Inuyo a Tereza mutabadwa, amayi anu atadwala, anali a Namacha amene anandigwirira ntchito masiku onse amene ndinali kuchipatala, osandiuza n'komwe kuti atopa.

Kampaniyo inali ndi mfuti za chifefe zokhala ndi chilolezo cha boma, chifukwa akuba feteleza sankabwera ndi manja okha. Zinkakhala m'kabati yachitsulo yokhomeredwa kukhoma. Zipolopolo zinkakhala kwina, m'bokosi lake, kiyi wake kwa munthu wina. A Namacha ndi amene anandiphunzitsa zonsezi, ndipo ankaphunzitsa mwaukali. Mfuti ukailandira uitsegule uone ndi maso ako, ngakhale wakupatsayo ali m'busa ndipo walumbira kuti mulibe kanthu. Usailoze kwa munthu ngakhale pocheza. Ukaweruka, chipolopolo chituluke, mfuti ilowe m'kabati, ugwedeze loko kuti umve kuti wagwira. Mnyamata wina atasiya mfuti patebulo kuti akataye madzi, a Namacha anamukalipira mpaka ife oonerera kumva thukuta. Ankati mfuti ilibe m'bale. Ine ndinkawaopa ndi kuwakonda pamodzi, ndipo ndinkaganiza kuti munthu ameneyu sangalakwitse pa nkhani ya mfuti.

Lirangwe, zaka za m'ma 2000

Kampani itatsegula depoti pa Lirangwe yogulirapo nandolo ndi chimanga, anatitumiza awirife, iwo kapitawo, ine wachiwiri wawo, ndi alonda ena achinyamata. Anatipatsa chifefe chimodzi. Kabati anati ikubwera pagalimoto yotsatira. Galimoto zinabwera zambiri, za masaka, za masikelo, za feteleza, kabati ayi. Tikafunsa bwana Chimenya, amene ankayang'anira madepoti onse kuchokera m'tauni, ankati tisadandaule, nkhaniyo ili patebulo. Lamulo lawo linali lakuti masana mfuti izimangidwa ndi tcheni mu ofesi ya depoti. Koma ofesi yake! Chitseko chodyedwa ndi chiswe, alimi kulowa ndi kutuluka kudzalandira ndalama, ana ogulitsa zitumbuwa kusuzumira pawindo. A Namacha anapirira miyezi ingapo, kenako anayamba kuikulunga m'saka m'mawa uliwonse, kuimanga panjinga, n'kupita nayo kwawo. Madzulo ankabwera nayo.

Nditafunsa kuti kunyumbako amaiika pati, anati kunsi kwa bedi, zipolopolo mu sutikesi pomwepo. Ndinadabwa. Ndinawakumbutsa kuti m'nyumbamo muli ana, Fanuwelo amene anali atangoyamba sekondale ndi alongo ake awiri aang'ono. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Likoswe, kuchipinda kwanga mwana salowako. Kapena kwanuko ana amalowa kuchipinda kwa makolo?"

Inu nomwe mukudziwa kuti kwathunso simunkalowa. Tonse tinakula choncho. Mwana akangodziwa kuvala yekha, chipinda cha makolo amachilambalala, akafuna kanthu amaodira ali pabalaza. Fanuwelo ankagona kugowelo kuseri, ndipo anali mwana waulemu woti akamakupatsa madzi amagwada mpaka umve manyazi ndiwe. Chitseko cha chipinda chimenecho chinalibe loko, ndipo a Namacha sankaona chifukwa chogulira. Kwa iwo mwambo unali wolimba kuposa chitsulo.

Sindinasiye msanga. Ndinakalankhula ndi wowotcherera zitsulo wa pamsika kuti atipangire bokosi lokhala ndi loko, kuti ndikawapatse ngati mphatso. A Namacha atamva anakwiya koopsa. Anati ndikufuna Lirangwe yonse idziwe kuti m'nyumba mwawo muli mfuti, komanso kuti ana awo ndi opanda mwambo moti bambo wawo akuwatsekera zinthu ngati akuba. Anandikumbutsa amene anandiphunzitsa kugwira mfuti. Ndinapepesa. Kukawanenera kwa bwana Chimenya ndinakuganizira, koma munthu amene anakuchotsa pa njerwa umamunenera bwanji? Komanso mayi Namacha anali atayamba kudwaladwala, banja lonse maso ali pa malipiro a bambo. Ndinkangoti chaka chamawa kabati ibwera. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Tsiku la zovuta

Mayi Namacha anagonekedwa kuchipatala m'tauni, amuna awo n'kumawadikirira komweko. Masiku amenewo tinkalondera ndi zibonga zokha, mfuti inali kwawo kunsi kwa bedi. M'mawa wina ndikuweruka, wakabaza anandiimitsa pamseu kundiuza kuti kwa a Namacha kwagwa zovuta, mayi atisiya, thupi libwera masana. Ndinapita kunyumba kukauza amayi anu, ndinasamba, ndinasintha malaya. Ndili pakati pomanga nsapato m'pamene za mfuti ija zinandifikira m'mutu. Pamaliro nyumba sikhalanso ya mwini wake. Mipando imatuluka, mphasa zimayalidwa, zipinda zonse zimatsegulidwa kuti anthu apeze pokhala ndi posungira katundu. Tsiku limenelo palibe amene amaodira.

Ndinapalasa njinga ngati mnyamata. Ndinapeza amayi a kumpingo atadzaza kale pabalaza, nyimbo zayamba, anyamata akukhoma tenti panja. Ndinafunsa mchemwali wa malemu, amene ankayendetsa zinthu, ngati wina walowa kuchipinda. Anati atuma Fanuwelo kuti akatulutse sutikesi ya zovala za amayi ake, poti bambo kulibe ndipo mwamuna wamkulu pakhomopo ndi iyeyo. Mwanayo anayamba wakana, iwo n'kumuuza kuti lero zimenezo palibe, alowe. Ndiye walowa, watseka chitseko, ndipo papita nthawi. Iwo ankaganiza kuti akulira, amusiye alire.

Apa m'pamene panali povuta. Mwamuna kulowa kuchipinda kwa mwamuna mnzake, mwini wake kulibe, mkazi wake atangomwalira kumene, amayi a mpingo wonse akuona. Ndinadziwa kuti zidzanenedwa mpaka ndidzafe. Ndinavula nsapato, ndinadutsa pakati pa amayiwo, nyimbo inayamba kuzilala, ndipo ndinakankha chitseko osaodira.

Fanuwelo anali atakhala pansi, atatsamira bedi, mfuti ili pamiyendo pake. Sutikesi inali yotsegula, paketi ya zipolopolo ili pamwamba pa zitenje za amayi ake. Sankalira. Nkhope yake inali youma, yopanda chilichonse, ndipo imeneyo ndi imene inandiopsa kuposa mfutiyo. Ndinatseka chitseko kumbuyo kwanga, n'kukhala pansi chapatali pang'ono. Sindinamukalipire, sindikudziwa kuti nzeru imeneyo inachokera kuti. Ndinangomutchula dzina, n'kumuuza kuti ndabwera, sindichoka.

"Ankolo, ndimafuna ndiwatsatire amayi," anatero, mawu ake ali apansipansi.

Ndinamuuza kuti ndamva. Ndinamuuza kuti ululu umene ali nawo ndi woona, sindingamunamize kuti utha mawa, koma alongo ake ali panja ndipo lero ataya kale munthu mmodzi. Zina zimene ndinalankhula sindikuzikumbuka, mwina zinali zopanda mutu. Kenako ndinatambasula manja onse awiri monga mmene timalandirira kanthu kwa wamkulu, ndipo patapita kanthawi anandipatsa. Nditaitsegula, chipolopolo chinalimo. Ankadziwa kuika kwake poonerera bambo ake pakhonde madzulo akamanyamuka. M'pamene anayamba kulira, kulira kwenikweni, atandigwira malaya. Ali mkati molira anandipempha chinthu chimodzi.

"Musawauze bambo. Chonde ankolo, afa nazo."

Ndinalonjeza. Ndinamuuza kuti bambo ake sindiwauza, koma amayi anu ndiwauza, chifukwa katundu wotere munthu mmodzi sangasenze, ndipo iyeyo azibwera kwathu tsiku lililonse. Anavomera.

Inatsala mfuti. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa ngati ndikanangoika zipolopolo m'thumba mwanga, mfutiyo n'kuikankhiranso kunsi kwa bedi, palibe akanadziwa. Koma sindinkadziwa ngati zina zili m'jekete la a Namacha kapena pamwamba pa khoma, nyumba ikhala yotsegula mpaka maliro atayikidwa, ana a abale ali ponseponse, ndipo chitseko chilibe loko. Mawindo anali ndi zitsulo, khomo lotulukira linali limodzi. Ndinaikulunga m'bulangete n'kutuluka nayo. Bulangetelo linali lalifupi. Mayi wina anaona thako la mfuti n'kukuwa, ena n'kudzuka kuthawira panja, nyimbo n'kuthera pomwepo. Ndikufika pakhonde, galimoto ya kampani inali itangoima, itanyamula bokosi la maliro. A Namacha ankatsika kutsogolo, ndipo pambali pawo panali bwana Chimenya, amene anabwera kudzapepesa maliro.

Bwana Chimenya anayang'ana mfuti, n'kuyang'ana a Namacha. A Namacha anayang'ana mapazi anga opanda nsapato, n'kuyang'ana chitseko cha nyumba yawo. Ine ndinakweza mfutiyo panjinga n'kupita nayo kudepoti.

Zaka zotsatira

Akampani anawadikira a Namacha kuti alire maliro, kenako anawaitana m'tauni. Mlandu unali wotulutsa mfuti ya kampani popanda chilolezo, ndipo anawachotsa ntchito atatsala pang'ono kupuma mwaulemu. Ine ndinakawalankhulira, ndinanena za chitseko cha chiswe ndi kabati imene sinabwere, koma bwana Chimenya anati lamulo ndi lamulo. Sabata yotsatira kabati inafika, yatsopano, ya penti wobiriwira. Ndipo ukapitawo anapatsa ine. Ndinafuna kukana, koma inu munali pasukulu nonse, ndinalandira. Kwa a Namacha umboni unakwana pamenepo. Anauza anthu kuti Likoswe anadikira tsiku limene iwo anali pansi, n'kulowa kuchipinda kwa mkazi wawo kuti akaonetse bwana mfuti, atenge mpando.

Ndinapita kwawo kangapo. Ankandilandira pakhonde ngati mlendo wodzafunsa njira. Ndikanena kuti ndinkaopa ana a pamaliro, ankayankha kuti ana a ndani, mwana wawo analowamo atatumidwa ndipo sakanakhudza chinthu cha bambo ake. Mawu anali pakamwa panga penipeni. Chiganizo chimodzi chikanandiyeretsa. Koma ndinkaona Fanuwelo akudutsa ndi ndowa kuseri, mutu uli pansi, ine n'kuwameza mawuwo. Munthu amene wataya mkazi ndi ntchito mwezi umodzi, chimene chinamutsalira chinali kunyadira ana ake. Ndikanamulanda ndi chimenecho?

Anayamba kugulitsa zipangizo za njinga pamsika. Tikakumana ankawoloka mseu. Kutchalitchi, tsiku la mgonero, akafika pa benchi yathu ankapatsa mbale mkulu wa mpingo mnzawo kuti ndiye atigawire, iwo n'kupitirira. Zimenezo zinkandipweteka kuposa zonse, ndipo Lamulungu lotero ndinkabwerera kunyumba osafuna kudya. Inu munkaganiza kuti ndi malungo.

Fanuwelo ankabwera kwathu akaweruka kusukulu, mukukumbuka, munkadandaula kuti amamaliza mbatata. Kwa bambo ake ankati akukaphunzira masamu ndi a Tereza. Amayi anu ankakhala naye kuseri akusenda nandolo, kumusiya alankhule kapena akhale chete. Maganizo aja atabwereranso nyengo ina, anabwera yekha kudzandiuza, ndipo ndinapita naye kuchipatala cha mishoni kwa dokotala wina wodziwa kumvetsera, amene anamuthandiza kwa nthawi yaitali. Lero Fanuwelo ndi makaniko ku Chileka, ali ndi mkazi ndi ana atatu. Ine pa ukapitawo wanga wonse, mpaka tsiku lopuma, mfuti sinagonepo kunja kwa kabati. Alonda achinyamata ankanditcha wovuta. Amene ali ndi mfuti yothamangitsira anyani kumunda ndinkawauza poyera kuti agule loko, zipolopolo aike kwina, kiyi ayende naye, chifukwa mwana waulemu nayenso limamufikira tsiku limene mtima wake suli m'malo. Ena ankamva, ena ankati ana awo ndi a mwambo.

Chaka chatha

A Namacha anagwa ndi sitiroko, mbali imodzi n'kufa, koma kulankhula ankalankhula pang'onopang'ono. Fanuwelo anabwera kunyumba kuno masana ena, anakhala pampando uwo, n'kunena kuti watopa kuona ine ndikusenza mlandu wake. Anati tipite limodzi akawauze bambo ake zonse asanatisiye. Kunena zoona ndinasangalala. Ndinavala jekete langa la kutchalitchi. M'minibasi monse ndinkaganiza mmene achimwene adzandigwirire dzanja.

Anali atagona kuchipinda komwe kuja. Ndinaima pabalaza n'kuodira. Mawu aja apansi anamveka, olemera ndi matenda.

"Lero mwaodira, Likoswe. Lowani."

Anali atatha, munthu wamtali uja. Ndinakhala pampando, Fanuwelo anagwada pambali pa bedi n'kuwagwira dzanja lamoyolo. Anayamba bwino. Anati bambo, pali nkhani ya tsiku la maliro a amayi imene simukuidziwa. A Namacha sanamulole kumaliza, kaya sanamve bwino, kaya ankaganiza kuti mwana akudzandipepesera. Anamufinya dzanja, maso ali pa ine.

"Mwamuona mwana wangayu? Zonse zinandithawa, koma uyu sanandilizepo ngakhale tsiku limodzi."

Nkhope yawo inawala ponena zimenezo, mbali imene inkatha kuwala. Fanuwelo anatsegula pakamwa kuti apitirize. Ine ndinaika dzanja paphewa pake n'kukanikiza mpaka anatseka.

"Zoona, achimwene," ndinatero. "Munalera bwino."

Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kukhoma. Ndinadikira pang'ono, mwina atembenukanso, koma anali atamaliza nane. Ndinatsanzika n'kutuluka. Anamwalira mwezi womwewo akukhulupirirabe kuti Likoswe anawagulitsa chifukwa cha mpando, ndipo pamaliro awo ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi anthu odutsa.

Kaya ndinachita bwino kumutseka pakamwa mwana uja, kaya ndinalakwa, sindikudziwa, ndipo amayi anu amene ndikanawafunsa kulibenso. Fanuwelo ali moyo, pamenepo sindidandaula. Koma achimwene ndimawasowa, ana anga. Ndinayamba kuwasowa adakali moyo, akugulitsa masipoko a njinga tsidya lina la mseu.